Mmene Alamu Anga Anatapira Masupuni M'phulusa

Ine Elkanah Tuttle koleji ndinalowamo kambirimbiri kuposa mapulofesa ena, kungoti ndinkalowera khomo lakumbuyo, guluu ndi nyundo zili m'manja, kukalumikiza miyendo ya mipando imene anyamata ophunzira athyola pokangana za Chilatini. Ndiye wina akaona kuti zolemba zangazi zikutsimphina, asadabwe. Sukulu yanga inathera pamene aphunzitsi anazindikira kuti desiki ndimaisema bwino kusiyana ndi kulemberapo.

Ndikufuna ndinene za alamu anga, malemu Asahel Burrage, wosula siliva wa m'tauni yathu ino, amene anakwatira mlongo wanga Thankful. Chandiputa n'chakuti ana a masiku ano akaona chithunzi cha tauni yathu chojambulidwa pa choyedzamira cha mpando, amaloza utsi umene uli kumanzere kwa nsanja ya koleji n'kumati ndi wa kukhitchini kwa ophunzira. Bodza lamkunkhuniza. Utsi umenewo ndi wa alamu anga, ndipo moto wake ndinayatsa nawo.

Asahel anali chimunthu, manja ngati mafosholo. Ukamuona unkaganiza kuti ntchito yake n'kugwetsa ng'ombe, koma iye tsiku lonse ankawerama pa benchi kusula timasupuni ta tiyi. Mawu ankawayeza pa sikelo ngati siliva wa eni ake. Mlongo wanga ankati anamufunsira ndi mawu atatu, ndipo awiri mwa iwo anali dzina lake.

Shopu yake inayang'anizana ndi bwalo la udzu pamene pamadya ng'ombe ndi kuyendayenda anyamata a pakoleji, magulu awiri amene sindinathe kuwasiyanitsa bwino mpaka lero. Anthu ankabwera ndi siliva wawo wakale, kapu yobooka ya agogo, mbale yopindika, iye n'kuyeza iwo akuona, n'kusungunula, n'kusula chatsopano. Akamaliza ankamenya chidindo chake kuseri kwa chogwirira, zilembo ziwiri zokha, A ndi B. Koma asanamenye chidindocho ankayamba wailasa supuniyo mu batala wouma ndi chisanu. Ikangopindika pang'ono, inkabwerera pamoto. "Limenelo ndi tsamba, si supuni," ankatero. Kwa Asahel umenewo unali ulaliki wautali.

Kuno mtsikana atha kukwatiwa wopanda mano, koma osati wopanda masupuni ake asanu ndi imodzi a tiyi ndi kabati ya madirowa. Ukwati ukangotha, amayi a kuchimuna amabwera kudzamwa tiyi, ndipo aliyense, uku akufunsa za ulaliki wa abusa, amatembenuza supuni mwakabisira kuti aone chidindo cha amene anaisula. Amaganiza kuti sitiona.

Mulungu, amene nayenso ndimamuganizira kuti amakonda nthabwala, anapatsa wosula silivayu ana aakazi anayi, siliva wake wa iye mwini osampatsa. Pa ukwati wa woyamba anasungunula masupuni a Thankful. Pa wachiwiri chinapita chikho chachikulu chimene anamusiyira bambo ake, chija ankamweramo mowa wa maapozi atabwera ku nkhondo yothamangitsa mfumu ya Angelezi. Pa wachitatu zinapita zomangira nsapato, mabatani a jekete ndi mutu wa ndodo, zonse zasiliva. Ukwati uliwonse alamu anga ankazilala ngati nyale yotha mafuta, mwakuti pa wachitatuwo analowa m'tchalitchi nsapato atamanga ndi zingwe, jekete atagwirizira ndi dzanja. Kenaka Thankful anatisiya, n'kusiya chitsiriza, Keziah, ali wamng'ono.

Keziah anakulira pakati pa shopu ya bambo ake ndi yanga. Ine ndimapanga mipando yakuda ija ya thabwa lotambalala kumsana, ndipo ndi iyeyo anayamba kujambulapo tauni yathu. Ankawoloka mtsinje, kukwera kaphiri ka tsidya lija, n'kukhala pamenepo ndi timabotolo take ta utoto: koleji pamtunda, nsanja ya belu, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa bwalo, ng'ombe ziwiri pansi pake. Anyamata omaliza maphunziro ankailimbirana mipando imeneyo, kuti akaonetse amayi awo malo amene ankati amaphunzirako.

Pamene mipando yanga inkayenda malonda, ntchito ya alamu anga inkafa. Ngolo zinayamba kubwera kuchokera ku Boston ndi masupuni opondedwa ndi makina, onyezimira, opyapyala, odzaza m'sitolo. Anthu anasiya kubwera ndi siliva wakale. Asahel anatsala n'kumalumikiza matcheni a mawotchi. Maso anali atayamba kuchita mdima, ndipo dzanja lamanja linkanjenjemera m'mawa mpaka dzuwa litakwera. Sankanena, koma ine ndinkaona tiyi akutayikira pa ndevu.

Ndiye anabwera Orrin Loomis, mnyamata wosindikiza mabuku a pakoleji, wa zala zakuda ndi inki koma mtima woyera, kudzapempha Keziah. Ukwati anaupangana sabata ya Tsiku Lothokoza, phwando lathu la pachaka loyamika Mulungu zokolola zitalowa.

Tsiku lina amake Orrin anafika ku shopu yanga kudzaona kabati imene ndinkapangira Keziah, ya mtengo wa cheri. Asahel ndi Keziah analipo. Mayi Loomis anakoka dirowa iliyonse, kununkhiza m'kati, kugogoda kumbuyo ngati akufuna kumva ngati muli munthu. Atakhutira anatembenukira kwa alamu anga, ndipo ndinene zoona, analankhula ndi mtima wabwino.

"A Burrage, za masupuni musadzivutitse. Tonse tikudziwa mmene zinthu zilili. Ndaona okongola m'sitolo, ndigula ine mwakachetechete. Palibe adzadziwe."

"Palibe adzadziwe?" ndinatero ine. "Mukunena inuyo, Mayi Loomis, amene munatembenuza supuni pa maliro a abusa, mtembo usanatuluke?"

"Inu a Tuttle, pakamwa panu m'pamene pamafunika guluu, osati mipandoyi."

Asahel anavula chipewa. "Zikomo, mayi. Masupuni alipo."

Mayiwo atachoka ndinamuzungulira ndikumuyang'ana m'matumba. "Alamu, ali kuti? Mwameza? Tikugwedezeni timve kulira?"

"Alipo."

"Ababa," anatero Keziah, "musadzipweteke chifukwa cha ine. Tiyi nditha kutakasa ndi chala. Orrin akukwatira ine, sakukwatira supuni."

Asahel anamuyang'ana nthawi yaitali kupyolera m'magalasi ake. "Achemwali ako atatu anatuluka m'nyumba mwanga ndi chidindo changa. Nanga iwe ndiwe mwana wa yani?"

Tonse tinamva chimene Asahel sananene: dzanja lija likutha, ndipo akapanda kusula masupuni a mwanayu chaka chimenecho, sadzawasulanso.

M'mawa mwake ananditumizira mawu kuti ndibwere ndi chitsulo chozulira misomali. Ndinamupeza ataimirira pakati pa shopu, katundu yense atatulutsa panja.

"Matabwa apansiwa munakhoma ndinu?"

"Ndine, chaka chimene munaba mlongo wanga. Ndipo zikomo ndikudikirabe."

"Zulani."

Ndinaganiza kuti mutu wasokonekera. Koma iye anagwada, n'kulowetsa nsonga ya mpeni mu mpata wa pakati pa matabwa awiri, n'kutulutsa tidothi takuda. Anatipaka pa chikhatho, n'kuloza padzuwa. Munali timaso tonyezimira.

Wosula siliva akamapala ndi tupa, fumbi limagwera pa epuloni yachikopa, lina pansi. Losesa Asahel ankalisunga, ndipo analisungunula kale pa maukwati aja. Koma lina limalowa m'mipata, lina limapondedwa ndi nsapato n'kumira m'thabwa la paini. Zaka zonsezo munthu uja ankayenda pa siliva. Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero akuluakulu.

"Mukanakhala kalipentala weniweni," anatero, "mipata iyi sikanakhalapo. Zikomo wanu uja ndi ameneyu."

"Matabwawo anali aawisi! Munkandifulumizitsa ndinu, mukufuna kukwatira!"

"Zulani, alamu."

Tinazula limodzilimodzi, kunyamula mosagwedeza ngati tanyamula khanda logona. Dothi la pansi pake analikokola ndi burashi mpaka pangodya. Tinaunjika zonse kuseri kwa shopu pa mwala waukulu wafulati, pamwamba n'kuikapo epuloni yakale ndi zisanza zopukutira. Tsikulo kunalibe mphepo, ndiye chimene ankadikira, kuti phulusa lisauluke. Tinayatsa.

Alamu anga anaganiza za mphepo, anaganiza za mwala, anaganiza za sefa. Chimodzi chokha sanaganize: kuuza anthu. Munthu woumira mawu ngati ameneyo akanauza ndani? Chikopa ndi zisanza za mafuta zinatulutsa chiutsi chakuda bii, chinakwera mowongoka mpaka kupitirira nsanja ya koleji. Posakhalitsa belu linayamba kulira, osati la mapemphero, la moto.

Nyumba iliyonse kuno ili ndi ndowa yachikopa pakhomo, ndipo belu limenelo likalira aliyense amathamanga nayo. Anyamata a pakoleji anathamanga kuposa onse, chifukwa moto ndi wokoma kusiyana ndi Chigiriki. Anatulukira pangodya ya shopu ali chigulu, madzi akukhavukira m'miyendo. Ine ndinakweza manja kuti ndiwaimitse, ndowa yoyamba inathera pa ine. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi zinagwera pamoto, phuu!

Apo m'pamene ndinamva mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Asahel anabangula.

"Siyani! Siyaniii!"

Anaima kutsogolo kwa motowo manja atatambasula, ndevu zikudontha.

"Agogo, chokani mupsa!" anakuwa mnyamata wina.

"Mukundiphera masupuni a mwana wanga!"

"Anzanga, utsi wawalowa m'mutu akuluwa. Agwireni!"

"Amene agwire alamu anga," ndinatero ine ndikulavula madzi, "mpando wake ndidzausiya msomali choimirira."

Anyamata aja anaima. Koma chifundo chinapha nkhwali. Madzi akuda anali atayamba kale kutsetsereka pa mwala, kulowera ku ngalande ya kumsewu, atanyamula phulusa. Keziah, amene anaona utsiwo ali pa kaphiri kake tsidya lija, anafika wefuwefu, manja ali utoto wokhawokha. Anangoyang'ana matabwa, kuyang'ana bambo ake, kusuzumira m'shopu yopanda pansi, n'kumvetsa zonse. Anavula epuloni yake, n'kugwada m'matope kutchinga madziwo.

Nditawafotokozera, anyamata aja anachita manyazi, ndipo ndiwayamikire, anagwada nawo, kumatapa matope ndi zipewa zawo zodula. Ndipo kumbuyo kwawo kunaima Mayi Loomis, ndowa yopanda kanthu ili m'manja. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ija inathera pa ine inali yawo.

"A Burrage," anatero ndi mawu otsika, "bwanji osangonena?"

"Ndinanena, mayi. Ndinati alipo."

Zimene zinatsala tinaziumitsa n'kuziwotchanso, ulendo uno ine nditayenda khomo ndi khomo kulengeza ngati wogulitsa nsomba. Kenaka inayamba ntchito yotopetsa. Asahel ndi Keziah ankasefa phulusa, kulitsuka m'beseni, kutaya madzi apamwamba, kutsukanso, mpaka pansi patatsala matope olemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Matopewo anawasungunula pamodzi ndi mtovu, kenaka n'kuupsereza mtovuwo m'kambale ka phulusa la mafupa, ine ndikupopa mvukuto mpaka mapewa kuwawa. Pomaliza pa kambalepo panatsala kam'bulu koyera, kochepera dzira la nkhunda.

Asahel anakaika pa sikelo. Anachotsa, kupukuta magalasi, kuikanso.

"Asanu," anatero. "Ya chisanu ndi chimodzi inapita ndi madzi."

"Ndiye vuto lili pati?" ndinatero. "Tapaniko pang'ono pa iliyonse. Apyapyale pang'ono, atuluke onse."

"Masamba."

"Kapena sulani asanu, tidzati inayo yagwera m'chitsime. Ine bodza ndimalitha, ndikuthandizani kwaulere."

Anayamba kusula. Shopu inalibe pansi, ndiye anayala matabwa awiri pa mitanda n'kuikapo benchi, mphepo yozizira ikulowera kunsi kwa thalauzi. Ankadikira masana dzanja likhazikike, n'kuyamba: kumenya, kufewetsa pamoto, kumenyanso, kupala, kupukuta. Ine ndinkapeza zifukwa zodutsira pamenepo. Ndaona anthu ambiri akugwira ntchito, koma sindinaonepo nyundo yomvera munthu ngati imeneyo. Supuni iliyonse inkatuluka ngati yamera yokha. Asanu onse analasa batala, onse anaima nji, onse analandira chidindo.

Ukwati utayandikira ndinalowa m'shopu m'mawa wina ndipo ndinapeza alamu anga akuphethiraphethira ngati mleme masana. Kumaso kunalibe kanthu. Pa benchi panali timagalasi tiwiri tozungulira, tokhatokha. Felemu yake, ya siliva, imene anaisula yekha maso atayamba kuvuta, inali m'kamphika pamoto, yayamba kale kugwa.

"Mwapenga! Tsopano musula bwanji osaona? Muzinunkhiza?"

"Ndinu kalipentala kapena mlaliki?"

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Kabati ya Keziah sinasiye zidutswa?"

Ndinapita, ndinatenga kachidutswa ka cheri, ndinasema felemu. Ndinene mosabisa, mipando ndimaitha, koma mphuno ya munthu sinali m'maphunziro anga. Chinatuluka chinthu ngati goli la ng'ombe. Ndinalowetsamo timagalasi tija, kumangirira zingwe zokolowekera m'makutu. Atavala, ndinakhala pansi kuseka mpaka misozi.

"Alamu, mwafanana ndi kadzidzi amene wasankhidwa udikoni."

"Ndikuona," anatero. "Ndikuonanso kuti simunamete."

Ndi magalasi a thabwa amenewo anasula supuni yotsiriza. Koma itafika nthawi ya chidindo, dzanja linakana. Anagwira kachitsulo ka chidindo, kanavina. Anadikira, anagwiranso, kanavinabe. Chidindo chimamenyedwa kamodzi kokha. Ukaphonya, waononga chogwirira, ndipo siliva wina wobwezera panalibe, pokhapokha akanayamba kuzula mano a anthu.

Keziah anali pakhomo ndi mphika wa msuzi. Bambo ake anamuitana osatembenuka.

"Mwanawe, bwera. Gwira apa. Usaope, sindikumenya chala."

"Mukandimenya, ababa, ndidzatakasa tiyi ndi chiyani?"

Ndikulumbira, ndevu zija zinagwedezeka. Munthu uja anaseka. Keziah anagwira kachitsulo, bambo anagwira nyundo ndi manja onse awiri, n'kumenya kamodzi, kho! Chidindo chinalowa bwino, chozama, koma chopendekeka pang'ono ngati munthu wobwera ku mowa.

Ukwati unachitika, nkhukundembo zinafa, zitumbuwa za maungu zinatha. Asahel anaperekeza mwana wake m'tchalitchi atavala goli langa kumaso, mutu uli m'mwamba, ndipo palibe anaseka kupatula ine. Pa tiyi wa amayi a kuchimuna sindinaitanidwe, koma ndinapezeka kuti ndikukonza dirowa imene inalibe vuto m'chipinda choyandikana. Ndinasuzumira. Mayi Loomis sanabise n'komwe. Anatembenuza onse asanu ndi imodzi poyera, anapeza ya chidindo chopendekeka, anaikanikiza ndi chala chachikulu kuti aone ngati ipinda. Sinapinde.

"Iyi ndiye ya magalasi ija?" anafunsa.

"Ndi imeneyo, amayi," anatero Keziah.

"Usamapatse alendo imeneyi, mwana wanga. Ena amakhala ndi matumba akuya." Anatero akuyang'ana mchemwali wawo amene anabwera nawo pa tiyipo.

Amenewo ndiwo anali masupuni otsiriza a Asahel Burrage. Anakhala zaka zina zingapo, akukhala pakhomo pa shopu kuonerera ng'ombe ndi ophunzira. Orrin anafuna kumugulira magalasi atsopano, iye anakana, akuti a thabwa sazizira pamphuno. Tinamuika nawo m'manda.

Kuchokera chaka chimenecho Keziah sanajambulenso tauni yathu popanda utsi uja. Pulofesa wina wogula mpando anapempha kuti auchotse, akuti ukudetsa kumwamba. Keziah anamuuza mwaulemu kuti utsiwo ndi wa pampando pomwepo, akafuna wopanda utsi akagule benchi. Anagula mpandowo.

Pansi pa shopu ndinakhomapo matabwa atsopano ukwati utangotha, chipale chofewa chisanagwe. Ulendo uno ndinasankha ouma, ndinapala m'mbali mwake mosamala, ndinawathinitsa mwakuti ngakhale tsitsi silikanalowa. Ndinkafuna munthu ameneyu avomereze kamodzi pa moyo wake kuti ndine mmisiri. Nditamaliza ndinamuitana. Anayenda uku ndi uku, anagwada, anayesa nsonga ya mpeni pa mpata uliwonse. Sunalowe. Anadzuka, n'kukonza goli lake pamphuno, n'kupukusa mutu.

"Mwaononga, alamu," anatero. "Nanga zidzukulu zanga zidzakwatiwa ndi chiyani?"